Kupeza gulu la anzanu osiya mowa ku Kasungu: kofunsa, zochitika pamsonkhano, ndi zimene zimagwetsa anthu

Munthu amene mowa wamugwira zenizeni sasowa malangizo. Mkazi wake wanena mpaka kutopa, ankhoswe akhalapo pansi kangapo, abusa kapena ashehe apemphera, mwinanso abwana kuntchito alemba kale kalata yochenjeza. Mwiniwakeyo walumbirapo kambirimbiri m'mawa wa matsire kuti basi, sadzalawanso. Chimene amasowa ndi munthu woti amuimbire foni Lachisanu cha m'ma 5 koloko madzulo, ndalama ili m'thumba, miyendo ikulunjika yokha kushabini, ndipo woyankhayo amve vutolo osadabwa, osalalikira, chifukwa nayenso anadutsa momwemo. Magulu a anthu osiya mowa alipo chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndi anthu amene onse mowa unawazunzapo, omwe amakumana tsiku lodziwika pamalo odziwika, kuuzana zoona ndi kulimbikitsana kufikira msonkhano wotsatira.

Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku Ohio, m'dziko la America, pamene Bill Wilson, yemwe anali atangotha miyezi yochepa osamwa, anagwidwa ndi chibaba ali paulendo wa bizinesi. M'malo molowa m'bala, anafunafuna chidakwa chinzake choti acheze nacho, ndipo anakumana ndi dokotala wa maopaleshoni, Bob Smith. Chimene awiriwa anazindikira ndicho maziko a magulu ambiri otere mpaka lero: wothandiza mnzake kusiya mowa amadzithandiza yekha. Buku lofotokoza masitepe 12 a AA, omwe ndi njira imene mamembala amatsata posiya mowa, linatuluka mu 1939. Palinso magulu ena oyendera njira yosiyanako, monga SMART Recovery lomwe linayamba mu 1994, limene silikamba za Mulungu koma limaphunzitsa luso lolimbana ndi chibaba ndi kusintha kaganizidwe.

Kodi zimagwiradi ntchito? Mu 2020 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000. Linapeza kuti mwa anthu 100 amene analowetsedwa mu AA mwadongosolo, pafupifupi 42 anali asanalawe mowa patatha chaka, pomwe mwa 100 amene analandira uphungu wa mitundu ina anali pafupifupi 35. Kafukufuku wambiri anachitikira ku America, ndipo manambalawa akuonetsanso kuti oposa theka anamwanso chakacho chisanathe. Choncho gulu limathandiza ndithu, koma limathandiza munthu amene amabwererako ngakhale atagwa.

Yambirani kuchipatala

Izi tikuziika patsogolo chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, makamaka kachasu kapena timabotolo ta mowa waukali tija tinalowa m'malo mwa masacheti, ubongo wake umazolowera kugwira ntchito mowa uli m'thupi. Mowa umafooketsa ubongo, ndiye ubongowo umadzikweza mphamvu kuti ulimbane nawo. Mukachotsa mowa mwadzidzidzi, ubongo umatsala ukuthamanga popanda chouletsa. Pakatha maola 6 mpaka 24 munthu amayamba kunjenjemera manja, kutuluka thukuta, kuchita nseru, mtima kugunda kwambiri ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati odwala khunyu. Choopsa kwambiri chimabwera cha pa tsiku lachiwiri kufika lachinayi: munthu amasokonezeka mutu, amabwebweta, amaona njoka kapena tizilombo pakhoma, thupi limatentha. Kumudzi ambiri amathamangira kunena kuti walodzedwa, nthawi n'kumatayika, pomwe vutoli limapha ngati munthu sanafike kuchipatala.

Ndiye ngati mumamwa m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera, ngati munagwapo kapena kuona zinthu zomwe palibe mutayesa kusiya, kapena muli ndi matenda ena monga a shuga, kuthamanga kwa magazi, TB kapena muli pa ma ARV, musasiye nokha kunyumba. Pitani ku chipatala chachikulu cha Kasungu, kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi monga cha St Andrew's ku Mtunthama kapena cha mishoni ku Nkhamenya, mukanene mosabisa kuchuluka kwa mowa umene mumamwa ndi ola limene munamwa komaliza. Achipatala amapereka mankhwala monga diazepam kwa masiku ochepa, mlingo wake ukucheperachepera, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo, popeza omwa kwambiri amakhala atamuperewera. Diazepam wogula pamsika n'kumamwa mwaokha ndi woopsa, makamaka akaphatikizana ndi mowa, chifukwa ziwirizi pamodzi zimatha kuimitsa kupuma. Dziwaninso kuti munthu akamasiya n'kuyambiranso mobwerezabwereza, zizindikiro zija zimanka zikulirakulira ulendo uliwonse.

Kofunsa

Magulu otere saika zikwangwani pamsewu, ndipo amapezeka kwambiri m'mizinda ikuluikulu kusiyana ndi m'maboma ngati lathu lino. Amasamukanso malo, ena amatha, ena amabadwa. N'chifukwa chake njira yodalirika ndi kufunsa anthu amene amakumana ndi omwa mowa pantchito yawo.

Woyamba ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma. Ambiri amaopa khomo limeneli poganiza kuti anthu aziti apenga, koma vuto la mowa limathandizidwira kumeneko, ndipo amene amagwira ntchitoyo ndi amene amadziwa ngati pali odwala ena ofuna kusiya amene amakumana penapake. Mwina adzakufunsani mafunso 10 otchedwa AUDIT, a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Mapointi ake amayambira 0 kulekeza 40: kuyambira 8 ndiye kuti kamwedwe kafika poika moyo pachiswe, ndipo 20 kapena kuposa apo kawirikawiri amasonyeza kuti thupi ladalira mowa. Funso lanu likhale lolunjika: "Kodi pali gulu la anthu osiya mowa limene limakumana kuno? Ndingalankhule ndi ndani?" Akati palibe, funsani ngati angakulumikizeni ndi munthu mmodzi yekha amene anasiya, iyeyo atavomera.

Kumidzi, monga ku Chamama, Santhe, Chulu kapena Chatoloma, alangizi a zaumoyo amadziwa makomo ambiri ndipo akhoza kukulozerani kolowera. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma nawonso amakumana ndi mabanja osweka chifukwa cha mowa. Kumipingo ndi kumizikiti funsani mosamala, chifukwa pali kusiyana pakati pa gulu la anthu osiya mowa ndi mwambo wopempherera anthu. Pemphero lili ndi malo ake ndipo ambiri lawathandiza, koma limene mukufuna pano ndi bwalo limene olankhula ake ndi omwa anzanu, osati mlaliki mmodzi kutsogolo.

Kunja kwa boma lino, a St John of God ali ndi chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu, ndipo ali ndi malo enanso ku Area 43 mu Lilongwe. Anthu amene anamaliza chithandizo kumalo otere n'kubwerera kwawo ndi amene nthawi zambiri amakhala phata la timagulu ta m'maboma, choncho kufunsa kumeneko kumatha kukupezetsani mnzanu wa ku Kasungu konkuno. Funsiranitu za malipiro ndi masiku musananyamuke. Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa Kasungu boma, kotero kupita kumeneko sabata iliyonse ndi zosatheka kwa ambiri. Koma ulendo umodzi kapena iwiri wokaona mmene msonkhano weniweni umayendera, n'kutengako manambala a foni, ndi ndalama yogwiritsidwa ntchito bwino.

Amene ali ndi foni ya intaneti ali ndi khomo lina. Bungwe la Online Intergroup of Alcoholics Anonymous limaika mndandanda wa misonkhano ya pa Zoom yochitika usana ndi usiku, yambiri m'Chingerezi. Nthawi ya kuno ndi yofanana ndi ya ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye misonkhano ya kumeneko sivuta kuwerengera ola. Bandulo imathera pa zithunzi: mukazimitsa kamera yanu komanso kuletsa mavidiyo a anthu ena n'kutsala ndi mawu okha, ola limodzi limadya ma MB apakati pa 30 ndi 40. Lembani dzina loyamba lokha, valani zomvera m'makutu, ndipo pezani malo amene ana kapena anzanu a kuntchito sakumva. Chofooka cha njira imeneyi n'chakuti munthu wa ku Johannesburg sangabwere kudzakhala nanu pakhonde usiku umene zavuta, ndiye ikhale yowonjezera pa anthu a pafupi.

Msonkhano woyamba

Mu AA muli misonkhano ya mitundu iwiri. Yotseguka amalola aliyense, kuphatikizapo achibale ndi achipatala, kudzamvetsera. Yotseka ndi ya okhawo amene akufuna kusiya mowa. Funsani kuti umene mukupitawo ndi uti musanatenge akazi anu kapena amalume. Choyenereza munthu kukhala membala ndi chimodzi chokha, kufuna kusiya kumwa. Palibe fomu, palibe chiphaso, palibe kalata ya amfumu, palibe ndalama yolowera.

Fikani mphindi 10 kapena 15 nthawi isanakwane, muuze amene akukonza mipando kuti ndinu watsopano. Ngati n'kotheka bwerani musanamwe tsikulo. Amene wabwera atalawa kawirikawiri sabwezedwa malinga ngati sakusokoneza, koma amapemphedwa kungomvetsera n'kucheza ndi wina pambali pomaliza. Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi. Wotsogolera, yemwe ndi membala wamba amene yafika nthawi yake, amatsegula ndi kamphindi ka chete kapena pemphero lalifupi, kenako kumawerengedwa mawu ofotokoza cholinga cha gulu. Akatero amafunsa ngati pali watsopano. Mukhoza kungotchula dzina loyamba. Ambiri amati "Ndine uje, ndine chidakwa", koma palibe lamulo lokukakamizani kutero, ndipo kunena kuti "Lero ndangobwera kudzamvetsera" n'kokwanira.

Kenako anthu amalankhula mmodzimmodzi, aliyense mphindi zitatu kapena zisanu. Apa ndi pamene msonkhanowu umasiyana ndi misonkhano ina yonse imene tinazolowera. Wolankhula amakamba za iye mwini: mmene zinalili, chimene chinachitika, ndi mmene zilili lero. Palibe womudula mawu, palibe womufunsa mafunso, ndipo wotsatira sayamba ndi kumuyankha kapena kumulangiza. Kwa ife amene tinakulira pabwalo la milandu ndi pa uphungu wa ankhoswe, pomwe wamkulu amamanga nkhani pomaliza, izi zimaoneka zachilendo, ndipo magulu atsopano amalephera kwambiri pamenepa. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu akadziwa kuti akangomaliza alandira chiweruzo, amasankha zonena. Akadziwa kuti angomvedwa, amatulutsa zenizeni: kuti anagulitsa thumba la feteleza, kuti anamwera fizi ya mwana, kuti botolo amalibisa kudenga la bafa. Ndipo womvetsera amene anachitapo zomwezo amazindikira kuti si iye yekha. Pamsonkhano umenewu mphunzitsi wamkulu, tenanti wa pa esiteti ndi mnyamata wa kabaza amapatsidwa mphindi zofanana.

Chakumapeto kumadutsa mbale ya zopereka. Woponya amaponya zimene ali nazo, wopanda amangopatsira mnzake, ndipo watsopano sayembekezeredwa kupereka. Ndalamazo ndi zogulira tiyi ndi shuga kapena kulipira chipinda. Msonkhano ukatha musathamangire kunyumba. Mphindi 15 za pambuyo pake, anthu ataimirira panja, ndi pamene mumatenga manambala a foni. Tengani a anthu osachepera atatu, chifukwa tsiku limene mudzawafune mmodzi adzakhala kumunda kopanda netiweki, wina foni itathima.

Musaweruze gulu ndi msonkhano umodzi. Tsiku loyamba munthu amakhala ndi manyazi ndi mantha, amamva zochepa, ndipo amangofunafuna kusiyana kwake ndi enawo: "Ine sindinagonepo m'ngalande ngati awa." Pitani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi musanagamule, ndipo pomvetsera muzifunafuna zimene mukufanana nawo.

Pakati pa misonkhano

Sabata ili ndi maola 168, msonkhano umatenga limodzi. Otsalawo ndi amene munthu amamwera. Kumayiko kumene misonkhano ili paliponse amalangiza watsopano kupita ku misonkhano 90 m'masiku 90. Kuno zimenezo n'zovuta, koma cholinga chake chikhoza kukwaniritsidwa: tsiku lisadutse m'miyezi itatu yoyamba musanalankhule ndi mnzanu wosiya mowa, kaya pamaso, kaya pafoni. Gwirizanani ola lake, monga 5 koloko madzulo pamene mumayamba kumwa kale. Mayunitsi akasowa, panganani kuti kuflasha kawiri ndiye kuti "ndiimbireni msanga".

Chibaba chimabwera, chimakwera, kenako chimatsika chokha, nthawi zambiri pasanathe theka la ola ngati munthu wachoka pamalo pamene chayambira. Lamulo lake ndi kuimba foni musanamwe, osati mutamwa. Zinthu zinayi zimene zimachikoleza kwambiri ndi njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa. Njala anthu amaipeputsa, koma munthu amene wachoka kumunda kapena kumsika m'mimba muli pululu n'kudutsa pamalo ogulitsa masese amakhala atagonja kale theka. Idyani kaye. A AA salonjeza kusiya moyo wonse, amalonjeza za lero lokha, mawa n'kulonjezanso, chifukwa maola 24 ndi katundu amene munthu angathe kusenza.

Pakapita masabata angapo, sankhani munthu mmodzi amene watha nthawi yaitali osamwa, chaka kapena kuposa ngati alipo, amene moyo wake mukuusirira, mumupemphe kuti azikuyendetsani. Ku AA munthu ameneyu amatchedwa sponsor, koma sapereka ndalama, sapezera munthu ntchito, ndipo si dokotala. Ntchito yake ndi kuyankha foni ndi kudutsa nanu masitepe 12 aja. Masitepewo amayamba ndi kuvomera kuti mowa wakuposani mphamvu, n'kudalira mphamvu yoposa yanu, Mulungu monga mmene inuyo mumamudziwira. Kenako mumalemba mosabisa zolakwa zanu, mkwiyo ndi mantha anu, n'kuuza munthu mmodzi wodalirika. Pambuyo pake mumalemba mayina a onse amene munawalakwira ndi kukonza zimene zingakonzeke, pokhapokha ngati kutero kungawapweteke iwowo kapena anthu ena. Sitepe yokonza zolakwayi anthu amaithamangira sabata yoyamba, n'kupita kukapepesa kwa apongozi kapena kukaulula chibwenzi chakale mutu usanakhazikike, zotsatira zake n'kukhala mkangano umene umawabwezera kumowa. Ili pa nambala 9 pa chifukwa. Mwambo wake ndi wakuti mwamuna ayendetsedwe ndi mwamuna, mayi ndi mayi mnzake.

Zimene zimagwetsa anthu ndi magulu

Choyamba ndi chinsinsi. Pa Kasungu boma anthu amadziwana, ndipo pa malo a malonda ngati Nkhamenya kapena Santhe ndiye kuposa. Mukhoza kulowa m'chipinda n'kupezamo mlamu wanu kapena kholo la mwana amene mumaphunzitsa. Kumbukirani kuti nayenso wabwera ndi vuto lomwelo ndipo akuopa chimodzimodzi. Lamulo ndi lakuti amene mwamuona ndi zimene mwamva zitsale momwemo, ngakhale kwa akazi anu kunyumba. Mukakumana kumsika, mupatseni moni wamba, osatchula za msonkhano pamaso pa anthu. Komabe lamuloli ndi pangano la ulemu chabe, silili ngati chinsinsi cha dokotala chotetezedwa ndi malamulo a ntchito. Nkhani zimene zingakuikeni m'mavuto aakulu zikatuluka, monga za milandu kapena za momwe magazi anu alili, mukambe ndi munthu mmodzi amene mwamuyesa kale, osati pagulu. Zithunzi zisajambulidwe, ndipo ngati mwatsegula gulu la pa WhatsApp, dzina lake lisatchule mowa, popeza mafoni kwathu kuno amabwerekanidwa.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo kuno zili ndi nyengo yake. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kuyamba kugulidwa ku Chinkhoma, mlimi amene wakhala miyezi yambiri ali chimanjamanja amapezeka ndi ndalama za chaka chonse tsiku limodzi. Matenanti nawo amalandira zawo pakamodzi kumapeto kwa nyengo. Anthu ambiri amene anasiya bwinobwino m'miyezi ya njala amagwera pamenepa, chifukwa kusamwa kwawo kunali kothandizidwa ndi kusowa. Gulu lanzeru limayamba kukamba za nyengoyi mu Malichi. Dongosolo lake likhale lomveka: tsiku lokatapa ndalama musapite nokha, ngongole, fizi ndi feteleza zilipiridwe tsiku lomwelo, m'thumba mutsale ya thiransipoti yokha, ndipo musagone m'tauni. Ena amasungitsa khadi la kubanki kwa akazi awo kwa miyezi ingapo, ndipo zimathandiza ngati mwiniwake wasankha yekha. Kwa aphunzitsi ndi ena a pamalipiro, nyengo yoopsayi imabwera mwezi uliwonse.

M'gulu momwemo, musabwerekane ndalama. Gulu la osiya mowa likasanduka banki mkhonde, amene walephera kubweza amasiya kubwera, ndipo amasiya pa nthawi imene akufunikira gulu kwambiri. N'chimodzimodzi ndi ma alawansi. Tinazolowera kuti msonkhano uli ndi fanta ndi ndalama ya thiransipoti, koma AA imakana dala thandizo la ndalama lochokera kunja. Gulu lodalira bungwe limatha tsiku limene pulojekiti yatha, ndipo limakoka anthu obwerera envulopu amene sasunga chinsinsi.

Chachitatu ndi miyambo ya pamudzi. Pamaliro, pachinkhoswe, paukwati ndi padima pamakhala mowa, ndipo kukana chikho chimene wakupatsa wamkulu kumaoneka ngati mwano. Simungathawe maliro, koma mukhoza kukonzeka. Pitani mutadya, khalani pafupi ndi munthu amene akudziwa kuti munasiya, gwirani chakumwa china m'manja, ndipo konzeranitu yankho lalifupi losatsegula mtsutso, monga "Pepani, achipatala anandiletsa." Usiku wa pasiwa ndi wautali, choncho dziwiranitu ola limene muchoke pamoto pamene botolo likuzungulira. Samalaninso ndi thobwa logona masiku, chifukwa likayamba kusasa limakhala litayamba kusanduka mowa. Maganizo akuti "Chibuku si mowa weniweni, ndasiya kachasu yekha" agwetsa anthu ambiri.

Kugwa kukachitika, choopsa chachikulu ndi manyazi amene amatsatira. Munthu amati adikire kaye akhale bwino ndiye abwerere kugulu, sabata n'kukhala mwezi. Bwererani pamsonkhano wotsatira womwewo ndipo nenani. Gulu labwino silikalipa, limafunsa chimene chinachitika maola angapo botolo loyamba lisanafike, chifukwa pamenepo ndi pamene pali phunziro. Dziwaninso kuti mukatha miyezi osamwa thupi silipiriranso mlingo wakale, ndiye kumwa monga kale kukhoza kukuikani pangozi. Ngati mwamwa masiku angapo motsatizana, bwererani kuchipatala musanasiyenso.

Pali zizindikiro za gulu loyenera kulithawa. Wina akakuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a matenda a maganizo chifukwa "wosiya mowa samwa mapiritsi", akulakwitsa koopsa, ndipo AA yeniyeni siphunzitsa zimenezo. Chimodzimodzi mtsogoleri amene sasinthidwa, amene amatchula mtengo wa machiritso, amene amakukakamizani kulowa mpingo wake kapena chipani chake, kapena amene amafunsira amayi obwera kumene. Amayi amavutika pawiri, chifukwa mayi womwa amanyozedwa kuposa bambo, ndipo ena mwa iwo kutcheza kachasu ndiye ntchito imene imadyetsa ana. Pamene pali amayi awiri kapena atatu, ndi bwino akhalenso ndi nthawi yawoyawo. Ndipo ngati wina pagulu wanena zofuna kudzipha, imeneyo si nkhani yosunga: mmodzi akhale naye, amuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati kwanuko kulibe gulu

Malinga ndi mwambo wa AA, anthu awiri kapena atatu amene akumana ndi cholinga chosiya mowa akhoza kudzitcha gulu, malinga ngati sali pansi pa bungwe lina. Simufunika chilolezo kapena satifiketi. Chofunika ndi munthu wachiwiri, ndipo namwino uja kapena mlangizi wa zaumoyo akhoza kukuthandizani kumupeza.

Malo akhale amene munthu angalowe popanda anthu kufunsa: kalasi ya pasukulu madzulo, chipinda cha pachipatala, kapena holo ya tchalitchi ngati Asilamu ndi a mipingo ina angamasuke kulowamo. Pakhomo pa munthu pamavuta, chifukwa ana ndi anansi amamva, ndipo mwininyumba akagwa gulu limagwa naye. Onetsetsani kuti njira yopita kumeneko sidutsa pakati pa mabala. Tsiku ndi ola zisasinthesinthe, ndipo ngati anthu amachokera kutali pa njinga, msonkhano uzitha kusanade. Tsiku la msika lili ndi ubwino woti anthu amabwera kale ndipo palibe amene amadabwa kukuonani, koma ndi tsikunso limene mowa umachuluka, ndiye msonkhano wake ukhale wa m'mawa ndalama zisanalowe m'thumba.

Maudindo ndi ochepa: wotsegula chitseko, wotsogolera, ndi wosunga zopereka amene amanena poyera mwezi uliwonse zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Azisinthana pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo ndalama zisaunjikane kuposa zofunika mwezi umodzi kapena iwiri. Mabuku ndi timapepala tofotokoza kayendetsedwe ka msonkhano mukhoza kuwapeza pa tsamba la intaneti la AA kapena kulembera ofesi yawo ya ku South Africa. Miyezi yoyamba padzakhala masiku amene mudzakhala awiri okha, mwinanso nokha. Tsegulanibe chitseko ndipo dikirani ola lonse, chifukwa munthu amene wakhala milungu itatu akulimba mtima kuti abwere akapeza chotseka sabweranso.

Achibale

Mkazi, mwamuna kapena kholo la womwa akhoza kufufuza za gulu, kupereka nambala, ngakhale kuperekeza ulendo woyamba mpaka pakhomo. Kumukoka mokakamiza kapena kufunsa anzake a pagulu zimene wanena kumawononga. Kumuthirira mankhwala m'zakudya mobisa kuti adane ndi mowa n'koopsa: mankhwala monga disulfiram akakumana ndi mowa amatha kugwetsa kuthamanga kwa magazi ndi kusokoneza mtima, n'chifukwa chake amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu amene akudziwa ndipo wavomera.

Achibale ali ndi magulu awoawo. Al-Anon inayamba mu 1951, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake anali Lois Wilson, mkazi wa Bill Wilson. Kumeneko amaphunzira kusiya kubisa zolakwa za womwa, kusiya kumulipirira ngongole za kushabini ndi kukanama kwa abwana ake, ndi kusamala moyo wawo ndi wa ana kaya iye wasiya kaya sanasiye. Amayi atatu kapena anayi a vuto lofanana akhoza kuyamba kukumana mwa njira yomweyi, tsiku lomwelo m'chipinda china. Pamene pali kumenyedwa, nkhaniyo isadikire kuti munthu asiye mowa: ipite ku Victim Support Unit ya kupolisi, ndipo amene wavulala apite kuchipatala.